JOHN KITTO, GONTHI AMENE ANATSEGULIRA ANTHU BUKU LOPATULIKA

Pa 25 November 1854, m'mudzi wa Cannstatt, pafupi ndi Stuttgart ku dziko la Germany, anamwalira munthu wa ku England dzina lace John Kitto, atatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 50. Mwa zaka zimenezo, zaka 37 anazitha wosamva kanthu konse, ngakhale kugunda kwa bingu, ngakhale liu la mkazi wace, ngakhale kulira kwa ana ace a iye yekha. Koma pa nthawi ya imfa yace mabuku amene iye analemba pofotokozera Buku Lopatulika anali m'manja mwa abusa ndi aphunzitsi ambiri-mbiri ku England, ku Scotland ndi ku America. Mbiri yace iyenera kudziwika, pakuti ionetsa bwino lomwe zimene zimsautsa munthu wogontha pogwira nchito pakati pa anthu akumva, ndi njira zimene iye mwini pamodzi ndi anzace angapeputse nazo katunduyo.

UBWANA WACE

John Kitto anabadwa pa 4 December 1804 ku Plymouth, mudzi wa padooko kum'mwera kwa England. Atate wace anali mmisiri womanga nyumba za miyala, munthu wodziwa nchito yace, koma mowa unamgwira kolimba, ndipo ndalama zimene zikadalera ana zinathera ku nyumba zomwera. Cifukwa ca umphawi wa pakhomopo, mwanayo pokhala wa zaka 4 anatengedwa ndi agogo ace akucikazi, amene anamlera zaka zingapo, namsimbira nthano, nayenda naye m'minda ndi m'mbali mwa nyanja. Ku sukulu anapitako modukiza-dukiza, naphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono. Koma njala ya mabuku inamlowa ali wamng'ono. Kakobiri kali konse kamene anapeza anagula nako kabuku, ndipo m'makomo mwa anansi anali kuyendamo kubwereka mabuku amene eni ace anali atawaiwala pa alumali.

Agogowo atakalamba ndi kufooka, mwanayo anabwerera kwa amace ndi atate wace, ndipo posacedwa anayamba kutsata atate wace ku nchito, kuwanyamulira matope, miyala ndi zipangizo.

TSIKU LA NGOZI

Pa 13 February 1817 atate wace analikukonza denga la nyumba ina m'mudzimo. John, ali ndi zaka 12, anali kukwera makwerero atasenza miyala yaphanthi-phanthi yofolera nyumba. Atafika pamwamba, potambasula mwendo kuti aponde padenga, anaterereka, nagwa cagada mapazi 35 kufikira pa bwalo loyalidwa miyala. Anamtola wosadziwa kanthu, namnyamula kunka naye kwao, ndipo anagona cikomokere monga masabata awiri.

Potsitsimuka anazizwa kuona kuti m'nyumba monse muli zii. Anthu anali kulowa ndi kuturuka, milomo yao inali kugwedezeka, koma iye anayesa kuti alikunong'onezana poopa kumsokosera wodwala. Pamenepo anafunsa buku lina limene anabwereka asanagwe. Iwo anamyankha ndi manja, ndipo poona kuti sazindikira, wina anatenga sileti, nalembapo kuti mwini bukulo anadzalitenga. Mnyamatayo anakwiya, nafunsa cifukwa cace alikumlembera osalankhula naye. Anthuwo anayang'anana mwacisoni, ndipo wolembayo anatenganso siletiyo, nalembapo mau omdziwitsa kuti wagontha.

Asing'anga a ku Plymouth anayesa mankhwala osiyana-siyana, ena othira m'khutu, ena owawa kwambiri, koma sanaphule kanthu, popeza cimene cinaonongeka cinali m'kati mwa mutu, kumene mankhwala a masiku amenewo sanathe kufikako. Ngoziyo inamsiyira zilema zinanso. Msinkhu wace unaima, kotero kuti anakhala munthu wamfupi moyo wace wonse, ndipo poyenda sanali kukhazikika bwino. Kulankhula nako kunayamba kumuwawa. Ndipo popeza sanali kumva liu lace la iye mwini, analeka pang'ono-pang'ono, nayamba kudalira sileti ndi manja.

M'NYUMBA YA AUMPHAWI

Nchito ya padenga inatha pomwepo. Pofuna makobiri ogulira mabuku, mnyamatayo anali kulowa m'matope a padooko madzi ataphwa, kutola zidutswa za zingwe ndi zitsulo zogulitsa, kufikira tsiku lina anaponda botolo losweka, nabvulala phazi. Atatero anayamba kujambula tizithunzi togulitsa kwa ana anzace, ndi kulemba zikwangwani zoika pa mazenera. Zonsezi sizinamkwanire ngakhale cakudya.

M'mwezi wa November 1819 anamlowetsa m'nyumba ya aumphawi ya ku Plymouth. Nyumba zotere zinalipo m'midzi yambiri ya ku England pa nthawiyo, ndipo m'menemo amasiye, okalamba ndi olumala anali kulandira cakudya ndi pogona, nalipira ndi nchito ya manja ao. Kitto anamphunzitsa kusoka nsapato. Usiku anali kulemba m'kabuku zimene anaona ndi kulingirira tsiku limenelo, ndipo mlembi wa nyumbayo, Bambo Burnard, ataona zolembazo, anazindikira kuti mnyamata wosalankhulayo ali ndi nzeru zoposa anzace, namkonda.

M'caka ca 1821 agogo ace anamwalira, ndiwo munthu amene anamkonda koposa onse. Caka comweco, mu November, akuru a nyumbayo anampereka kwa mmisiri wina wosoka nsapato, kuti atsirize maphunziro a nchitoyo monga mwa pangano lolembedwa. Kumeneko ndiko anaona masautso oposa onse a moyo wace. Mmisiriyo anali kumgwiritsa nchito kuyambira mamawa kufikira usiku, maora 16 kapena kuposa. Akalakwitsa msoko anali kumpanda, kapena kumponyera nsapato kumutu. Mnyamata wakumva akadamva cenjezo, nakonza colakwa cace nkhonya isanafike. Koma kwa Kitto nkhonyayo ndiyo inali cenjezo loyamba. Sanathe kudzikanira ndi pakamwa, ndipo mmisiriyo anayesa kuti gonthi alibe kokadandaula. Mtima wa mnyamatayo unasweka, kotero kuti masiku ena analakalaka imfa.

Koma cida cimodzi anali naco, ndico colembera. Analembera Bambo Burnard makalata ofotokoza zonse mwa ndondomeko yace, ndipo mlanduwo unafika kwa oweruza. Popeza sanathe kumva mafunso ao, anapereka umboni wace pa pepala. Oweruzawo anazizwa kuona mau okonzeka bwino otere ocokera kwa mwana wa m'nyumba ya aumphawi, ndipo m'caka ca 1822 anamasula panganolo. Kitto anabwerera ku nyumba ya aumphawi wokondwa monga munthu woturuka m'ndende.

ABWENZI AONEKA

Tsiku lina George Harvey, katswiri wa masamu wa ku Plymouth, anaona mnyamata wobvala zausiwa m'sitolo ya mabuku alikulemberana ndi mwini sitolo pa kapepala. Anafunsa za iye, nauzidwa mbiri yace. Zina za zolemba zace zinasindikizidwa m'nyuzi ya m'mudzimo, ndipo anthu acifundo anasonkha ndalama. Potero m'caka ca 1823 Kitto anaturuka m'nyumba ya aumphawi, napatsidwa malo m'nyumba ya mabuku ya mudziwo, kumene anawerenga monga munthu waludzu wofika pacitsime.

M'caka ca 1824 Anthony Norris Groves, sing'anga wa mano wa ku Exeter, anamtenga kuti amphunzitse kupanga mano oikirira. Groves anali Mkristu woona mtima, ndipo anamlandira m'banja mwace monga mbale, potsata mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'nyumba imeneyo cikhulupiriro ca Kitto cinazika mizu, ndipo anayamba kufuna kutumikira Mulungu ndi moyo wace. M'caka ca 1825 kabuku kace koyamba ka nkhani ndi makalata kanasindikizidwa ku Plymouth.

NCHITO YOSINDIKIZA MABUKU

Kulalikira sakadatha, koma amishoni anali kusowa anthu osindikiza mabuku, ndipo nchito imeneyo ifuna maso akuthwa ndi zala zacangu koposa makutu. Cotero mu July 1825 bungwe la Church Missionary Society linamlandira pa sukulu yace ya ku Islington, ku London, kuti aphunzire kutola zilembo zacitsulo ndi kuzilumikiza zikhale mau. M'caka ca 1827 linamtumiza ku Malta, cisumbu cija cimene Paulo Mtumwi anapulumukirapo combo citasweka, kumene bungwelo linali ndi makina osindikizira mabuku m'Ciarabu, m'Cigriki ndi m'zinenero zina.

Pa ulendo wa panyanjawo panacitika cinthu cimene cinasintha moyo wace. Anzace awiri a paulendo anaona kuti Kitto akhoza kulankhula, koma waleka cifukwa ca manyazi ndi kusazolowera. Tsono anapangana ndi mkuru wa combo kuti asasamale kanthu kali konse kamene iye alemba kapena kulozera ndi manja, koma ayankhe pokha-pokha akanena ndi pakamwa. Poyamba kunamuwawa, ndipo mau ace anaturuka okhota-khota. Koma pofika ku Malta anali kulankhula ndithu. Liu lace linakhala lacilendo moyo wace wonse, ndipo alendo anali kubvutika kulimva, koma a m'nyumba mwace analizolowera. Akadapanda kulimba mtima anzacewo, lilime lace likadauma kotheratu.

Ku London ndi ku Malta komwe, panabuka kusamvana pakati pa iye ndi akuru a bungwelo. Kitto akaweruka ku nchito anali kudzitsekera m'cipinda ndi mabuku kufikira usiku. Akuruwo anaganiza kuti kuwerengako kulikumthera mphamvu zimene ziyenera nchito ya bungwe, popeza iwo anafuna wosindikiza, osati wolemba mabuku. Cimene sanacizindikire ndi ici, kuti anchito ena akaweruka apumula ndi kuceza, kuseka ndi kuyimba, pamene gonthi akhala pakati pa anzace monga mlendo wosadziwa cinenero. Kwa Kitto buku ndilo linali bwalo lace locezerapo. Pa nthawi yomweyo anamva kuti namwali amene anapalana naye ubwenzi ku England wakwatiwa ndi mwamuna wina, ndipo anadwala kwambiri. Mu January 1829 anacoka ku Malta, nabwerera kwao wopanda nchito.

KU BAGHDAD

Pamenepo Groves anali atasiya nchito yace ya mano, nakonzeka kunka ku maiko a kum'mawa kukalalikira Uthenga Wabwino wosadalira malipiro a bungwe liri lonse. Anafunsa Kitto ngati angapite nao kukaphunzitsa ana ace amuna awiri, ndipo iye anabvomera nthawi yomweyo. Ananyamuka mu June 1829, nayenda panyanja kufikira ku St Petersburg, napyola dziko la Russia ndi magareta, nakwera mapiri a Caucasus, nadzera ku Persia, nafika ku Baghdad pa mtsinje wa Tigris mu December, atayenda miyezi 6.

Wina angafunse kuti mphunzitsi wosamva aphunzitsa bwanji. Anawo anaphunzira kupanga zilembo ndi zala, cilembo ciri conse ndi cizindikiro cace, ndipo anali kumfunsa ndi kumyankha motero, iye nawafotokozera ndi pakamwa. Njira imeneyi ndiyo anagwiritsa nchito ndi abwenzi ace moyo wace wonse.

M'caka ca 1831 masoka atatu anagwera mudzi wa Baghdad motsatana. Mliri unapha anthu zikwi zambiri-mbiri, ndipo mwa iwo munali Mai Groves. Mliri uli m'kati, mtsinje wa Tigris unasefukira, nugwetsa linga ndi nyumba zosawerengeka. Pambuyo pace ankhondo anazinga mudziwo, ndipo kunagwa njala. Masiku onsewo Kitto anakhala ndi ana aja, nawasunga ndi kuwaphunzitsa.

Zaka zimenezo sizinapite pacabe. Popeza makutu ace anali otseka, maso ace anazolowera kugwira nchito ya ziwalo ziwiri, ndipo kanthu sikanali kumpita. Anapenyetsetsa abusa a nkhosa ndi mahema ao, akazi opera tirigu pamphero ndi otunga madzi pacitsime, anthu ogona pa matsindwi athyathyathya m'nyengo yotentha, mitengatenga ya ngamila, malonje a alendo, maliro ndi maukwati. Ku Palestine kweni-kweniko sanafikeko, koma anaona kuti makhalidwe a anthu a kum'mawa afanana kwambiri ndi a m'masiku a Abrahamu ndi a aneneri, ndi kuti mau ambiri a m'Buku Lopatulika amene azunguza anthu a ku England amveka msanga kwa munthu amene waona zinthuzo ndi maso. Zonsezi anazilemba m'mabuku ace a paulendo.

KU LONDON

Anacoka ku Baghdad mu September 1832, nadzera ku Tehran, ku Tabriz ndi ku Constantinople, nafika ku England mu June 1833. Mnzace wina wa m'combo anadwala, namwalira asanatsike pamtunda, ndipo Kitto anapita kukapepesa namwali amene malemuyo anati adzamkwatire, dzina lace Annabella Fenwick. Cisoni cinabala cibwenzi, ndipo anakwatirana mu September caka comweco.

Pa nthawiyo Charles Knight, wofalitsa mabuku wa ku London, anali kuturutsa sabata ndi sabata kanyuzi kochedwa Penny Magazine, kogula kobiri limodzi, kuti anthu wamba apeze cowerenga caphindu. Knight sanayang'ane ugonthi wa Kitto, koma anayang'ana zolemba zace, namlemba nchito. Nkhani zace zoyamba zinachedwa The Deaf Traveller, ndiko kunena Mlendo Wogontha. Pambuyo pace Knight anampatsa nchito yaikuru, ndiyo Pictorial Bible, Baibulo wa zithunzi ndi mau ofotokozera maiko, nyama, mitengo, zobvala ndi miyambo yochulidwa m'Malembo. Bukulo linaturuka m'zigawo kuyambira 1835 kufikira 1838, lopanda dzina la mlembi, ndipo anthu analilandira ndi manja awiri. Ambiri anayesa kuti analilemba ndi gulu la anthu ophunzira kwambiri, osadziwa kuti mbali yaikuru inacokera kwa munthu mmodzi woleredwa m'nyumba ya aumphawi.

MAGWIRIDWE ACE A NCHITO

Nchito yace yambiri anaigwirira kunyumba, ndipo anaikonza molingana ndi cilema cace. Anali kudzuka 4 koloko m'bandakuca ndi kulemba kufikira 9 koloko usiku. Popeza belu silikadamdzutsa, koloko yolira inali kuikidwa kumutu kwa mkazi wace, ndipo iyeyo akamva anali kumgwedeza. Zokambirana zonse ndi osindikiza ndi olemba anzace zinali kuyenda pa makalata, ndipo ici cinamthandiza, cifukwa mau olembedwa sasowa ndipo sasinthika. Mlendo akafika anali kupatsidwa pepala, kapena mkazi wace anali kumasulira ndi zala.

Mai Kitto anasenza mbali yaikuru ya katunduyo. Anali kupita ku nyumba ya mabuku ya British Museum kukakopera mau amene mwamuna wace anafuna, ndipo pamseu anali kuyenda naye, pakuti munthu wosamva magareta a akavalo akudza kumbuyo ali pangozi m'mudzi waukuru ngati London. Ana nao anaphunzira kulankhula ndi zala ali ang'ono. Zoona, mutu umodzi susenza denga.

M'caka ca 1845 Kitto anaturutsa buku lochedwa The Lost Senses, lonena za ugonthi ndi khungu, m'mene anafotokoza moyo wa gonthi monga auona mwini wace. Anasimba kuti ngakhale samva ndi makutu, thupi lace lizindikira kunjenjemera kwa zinthu, kotero kuti mpando wokokedwa pansi kapena citseko comenyetsedwa zimdzidzimutsa koposa munthu wakumva, popeza zimfikira wosayembekeza. Anasimba kuti nthawi yomsautsa ndiyo ya cisisira, nyali zisanayatsidwe, pamene sangathe kuwerenga kapena kuona zala za omlankhula. Ndipo anaulula kuti cisoni cace coposa zonse cinali kuona milomo ya ana ace ang'ono irikugwedezeka, ena onse naseka mau ao acibwana, iye yekha wosamva kanthu.

ULEMU NDI MABVUTO

Caka comweco ca 1845 linatsirizika buku lina lalikuru limene iye analiyang'anira, Cyclopaedia of Biblical Literature, lomasulira maina ndi nkhani za m'Baibulo monga mwa ndondomeko ya zilembo. Akatswiri a ku Britain, ku Germany ndi ku America analembamo, ndipo Kitto anawasonkhanitsa onsewo ndi makalata okha. M'caka ca 1844 sukulu yaikuru ya ku Giessen, ku Germany, inampatsa ulemu wa Dotolo wa maphunziro a zaumulungu, angakhale sanali mbusa wodzozedwa ndipo sanaphunzirepo pa sukulu yotere. Kuyambira 1848 kufikira 1853 anayang'anira magazini ochedwa Journal of Sacred Literature.

Koma kuchuka sikunadze ndi cuma. M'caka ca 1841 malonda a Knight anabvuta, ndipo Kitto, wokhala ndi banja lalikuru, anasowa nchito yokhazikika. Magazini aja sanabweze ndalama zimene zinalowamo. Munthu wakumva akadayendayenda m'maofesi, kuceza ndi akuru ndi kudzipezera malo. Iye njira imeneyo inali yotseka, ndipo cotsala cinali kuonjezera maora a kulemba. M'caka ca 1850 Boma la Britain linamuikira mapaundi 100 caka ndi caka cifukwa ca nchito zace, ndipo thandizolo linapeputsa umphawi, koma silinauthetse.

Nchito yace yotsiriza, imene anthu anaikonda koposa, inali Daily Bible Illustrations, mabuku 8 a nkhani zazifupi zowerenga tsiku ndi tsiku, kuyambira pa Genesis kufikira pa Atumwi. Mlaliki wochuka Charles Spurgeon, polangiza ophunzira ace za mabuku oyenera kugula, anayamika mabuku amenewa kwambiri, nawauza kuti awawerenge ndithu.

IMFA YACE

Thupi silinyengeka. Kukhala pampando maora 16 tsiku ndi tsiku, kopanda kuyenda ndi kupuma kokwanira, kunamfoketsa. Kuyambira 1851 mutu unayamba kumuwawa kolimba, ndipo kuciyambi kwa 1854 anagwa ndi nthenda youmitsa ziwalo, naleka kulemba. Abwenzi anasonkha ndalama, ndipo mu August anapita ndi banja lace ku Cannstatt, kumene kuli akasupe a madzi amene anthu anali kuwayesa ociritsa. Kumeneko, m'miyezi yowerengeka, anaika m'manda ana awiri, khanda lace lotsiriza ndi mwana wace wamkazi wacisamba. Iye mwini anawatsata pa 25 November, naikidwa m'manda a komweko. Patapita zaka zambiri anthu a ku Plymouth anacha sukulu ina dzina lace, kukumbukira mwana wa mmisiri amene anagwa padenga m'mudzi mwao.

ZIMENE MBIRI IYI IPHUNZITSA

Kwa munthu amene makutu ace atseka, kapena alikutseka pang'ono-pang'ono cifukwa ca nthenda, ngozi, ukalamba kapena phokoso la makina, moyo wa Kitto uli ndi malangizo omveka. Aphunzire kuwerenga ndi kulemba bwino, pakuti colembera ndico cinamuombola kwa mmisiri wankhanza ndi kumdyetsa moyo wace wonse. Asabise bvuto lace kwa anzace a panchito, koma awauze njira yomlankhulira. Ngati anali kulankhula kale, asaleke cifukwa ca manyazi. Afune nchito imene maso ndi manja zipambana makutu, monga akuru anena kuti ukaipa dziwa nyimbo. Koma acenjere ndi colakwa ca Kitto, amene pofuna kukwirira cilema cace anadzipsinja ndi nchito kufikira anafa asanakalambe. Masiku ano kuli zothandiza zimene iye sanazione, monga timakina tobvala m'khutu tokuza mau, zinenero za manja zokhala ndi malamulo ace, ndi sukulu za ana ogontha. Ndipo wogwira nchito pa makina aphokoso angathe kuchinjiriza makutu ace ndi zotsekera asanaonongeke, popeza kumva kukatayika ndi phokoso sikubwerera.

Kwa akapitao, eni nchito ndi anchito anzace, phunziro liri pa anthu amene Kitto anakomana nao. Mmisiri wa nsapato anaona cilema cokha, nacita nkhanza. Akuru a bungwe la mishoni anali anthu abwino, koma anayesa gonthi ndi muyeso wa anthu akumva, ndipo anataya wanchito amene akadawapindulira. Burnard, Harvey, Groves ndi Knight anafuna kudziwa cimene munthuyo akhoza, nampatsa mpata woti acicite. Zimene anacita sizinali zodula: kapepala ndi pensulo, kuphunzira zilembo za zala, kuleza mtima pobwereza mau. Wolankhula ndi gonthi aime pamaso pace poyera, osati kumbuyo kapena mumdima. Kupfuula ndi kukalipa sikuthandiza. Lamulo latsopano la panchito limfikire polemba, cenjezo la ngozi likhale looneka ndi maso, ndipo anzace akaseka amuuzeko cimene aseka, kuti asakhale yekha pakati pa anthu.

Cilamulo ca Mose, pa Levitiko 19, ciletsa kutemberera munthu wogontha, angakhale iye sangamve tembererolo, pakuti Mulungu alimva. Ndipo Marko, pa mutu 7, asimba kuti pamene anadza naye gonthi kwa Ambuye Yesu, Iye anampatula pa khamu la anthu, nakhudza makutu ace ndi lilime lace, nayang'ana kumwamba, kotero kuti munthuyo anaona ndi maso cimene cirikucitika asanamve liu liri lonse. John Kitto sanaciritsidwe m'moyo uno, koma anapeza anthu owerengeka amene analankhula naye m'njira imene iye anatha kuilandira, ndipo cifukwa ca iwo Mpingo unalandira mabuku amene anathandiza mibadwo ingapo kumvetsa Mau a Mulungu.